Teresa wa ku Ávila: mafunso ndi mayankho pa moyo wake ndi zimene analemba

Mphakati wathu, kuno kumtunda kufupi ndi Bembeke, umadziwika ndi dzina la Tereza Woyera. Kwa zaka ndithu tinkaphika mpunga wa chikondwerero pa 1 Okutobala, kufikira tsiku lina agogo amene analipo posankha dzinalo anatiuza kuti iwo ankanena za Tereza wa pa 15 Okutobala, wa ku Ávila. Manyazi amenewo ndiwo anandiyambitsa kuwerenga. Ndine mphunzitsi wopuma ntchito, si wansembe ayi, koma mabuku ake ndawabwereza kangapo m'Chingerezi. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe anthu akhala akundifunsa pa mphakati, kumaliro, ngakhale mu minibasi yopita ku Lizulu.

Kodi a Tereza alipo angati, nanga uyu ndi uti?

Otchuka alipo atatu, ndipo kuwasokoneza si mlandu. Woyamba ndi uyu wa ku Ávila, m'dziko la Spain, amene anabadwa pa 28 Malichi 1515 n'kumwalira mu 1582. Wachiwiri ndi Thérèse wa ku Lisieux ku France, amene timati Tereza wa Mwana Yesu, wonyamula maluwa pa zithunzi uja. Anabadwa mu 1873, anamwalira ali ndi zaka 24, ndipo tsiku lake ndi 1 Okutobala. Iyeyu anali sisitere wa chipani cha Karmelo chimene wa ku Ávila anachikonzanso, ndiye ndi mwana wake mwauzimu. Wachitatu ndi Mayi Teresa a ku Calcutta, amene anamwalira mu 1997.

Ávila ndi mzinda wozunguliridwa ndi linga lamiyala, uli pamtunda wopitirira mamita 1,100. Amene anagonako pa boma la Dedza mwezi wa Juni akudziwa mtundu wa chisanu chake, kungoti kumeneko kumagwa ndi chipale chomwe.

Anabadwira m'banja lotani?

Lopeza bwino. Bambo ake anali Alonso Sánchez de Cepeda, mayi ake Beatriz de Ahumada, ndipo ana onse pakhomopo analipo 12. Koma banjali linali ndi nkhani imene silinkafuna kuti ituluke. Agogo ake aamuna, Juan Sánchez, wamalonda wa ku Toledo, anali Myuda wotembenuka kukhala Mkhristu, ndipo mu 1485 bwalo la Inquisition, lomwe linkasaka anthu opotoza chikhulupiriro, linawapatsa chilango chapoyera. Atachititsidwa manyazi choncho anasamukira ku Ávila n'kukayambanso moyo wina. M'dziko la Spain nthawi imeneyo munthu ankamuyeza ndi magazi a makolo ake, monga mmene ena kwathu kuno amanong'onezanabe kuti uje ndi wobwera, uje makolo ake anali akapolo. Teresa sanalembepo za agogo akewo, koma mukawerenga mmene amadzudzulira mtima wokonda ulemu wa mtundu, mumaona kuti chilondacho ankachidziwa.

Kodi anali woyera kuyambira ali mwana?

Nkhani imene amakonda kutiuza pa katekisimu ndi yoti ali ndi zaka 7 anathawa pakhomo ndi mchimwene wake Rodrigo, ati akadulidwe mitu chifukwa cha Khristu kudziko la a Moor, Asilamu a kumpoto kwa Africa, n'kubwezedwa panjira ndi mbale wa bambo awo. Nkhaniyi ndi yoona, koma mwiniwake akuulula kuti sichinali chikondi chenicheni. Anangoona kuti ofera chikhulupiriro agula kumwamba motchipa.

Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka 13. Anakula ali mtsikana wokonda kutchena, mafuta onunkhira, macheza ndi abale ake achinyamata, ndiponso mabuku a nthano za ankhondo ndi zachikondi amene ankawerenga mobisa bambo ake. Mu 1531 bambowo anam'pititsa kukakhala kwa asisitere a chipani cha Augustino Woyera kuti mutu ukhazikike. Pa 2 Novembala 1535 anazemba pakhomo m'mamawa, bambo ake atakana, n'kukalowa nyumba ya Karmelo yotchedwa La Encarnación. Ngakhale apa akunena mosabisa kuti chimene chinam'tsogolera kwambiri chinali mantha a chiwonongeko, ndipo kuti pochoka pakhomo anamva ngati mafupa ake akulekana.

Ndinamva kuti anatsala pang'ono kuikidwa m'manda ali moyo. N'zoona?

N'zoona. Atachita malumbiro mu 1537 anayamba kudwala: kukomoka, kupweteka kwa mtima, kutentha thupi. Madokotala atalephera, bambo ake anachita zimene ambirife timachita chipatala chikakanika, anam'tengera kwa mayi wina wa mankhwala azitsamba kumudzi wotchedwa Becedas. Mankhwala otsegula m'mimba amene ankamwa tsiku ndi tsiku anangom'maliza mphamvu. Mu Ogasiti 1539 anakomoka masiku anayi. Manda anakumbidwa, phula anali atam'dontheza kale pa zikope monga ankachitira ndi maliro, koma bambo ake anakanitsitsa kuti mwana wawo sanafe. Anatsitsimuka, koma anakhala wopuwala pafupifupi zaka zitatu, ndipo akuti atayamba kukwawa anathokoza Mulungu. Kuchira kwake ankati n'chifukwa cha mapemphero a Yosefe Woyera, n'chifukwa chake nyumba zambiri zimene anatsegula anazipatsa dzina limeneli.

Ulendo wa kwa sing'angawo unali ndi phindu limodzi. Panjira anadzera kwa mbale wa bambo ake, Pedro, amene anam'patsa buku la Francisco de Osuna lophunzitsa kupemphera chamumtima. Limeneli ndilo linakhala mphunzitsi wake woyamba.

Inu mumakonda kunena kuti analephera kupemphera zaka pafupifupi 20. Sisitere angalephere bwanji kupemphera?

Ili ndi gawo la moyo wake limene ine ndimalikonda kuposa masomphenya onse. Mapemphero a pamodzi ankachita, Misa sankajomba. Chimene chinkam'kanika n'kukhala chete pamaso pa Mulungu. Akulemba kuti kwa zaka zambiri, akakhala pa pemphero, khutu linkakhala ku wotchi kudikira kuti ola lithe, ndipo masiku ena akanalola chilango chilichonse chowawa kusiyana n'kulowa m'chipinda chopemphereramo. Kwa zaka 18 sankayerekeza kuyamba pemphero opanda buku m'manja, kupatula atangolandira Ukaristia. Nthawi ina anasiyiratu kwa chaka chathunthu n'kupitirira, akudzinamiza kuti n'kudzichepetsa, ati munthu wochimwa ngati iye sayenera kuyandikira Mulungu. Pambuyo pake anati palibe yesero linam'pweteka kuposa limenelo.

Nyumba ya La Encarnación nayonso siinkathandiza. Munali asisitere opitirira 150, chakudya chosakwana, moti ankalimbikitsidwa kucheza ndi alendo opeza bwino ndi kukakhala kwa abale awo. Ana a anthu olemera anali ndi zipinda zawozawo, ena ndi antchito omwe, pamene osauka ankagona chipinda chimodzi. Teresa, pokhala wodziwa kucheza, alendo ankam'funa kwambiri. Anakhala mapanga awiri: akakhala pa macheza, Mulungu akum'kumbutsa, akakhala pa pemphero, macheza akumuitana.

Zinasintha mu 1554, ali ndi zaka 39. Analowa m'chipinda chopemphereramo n'kupeza chifanizo cha Khristu wodzaza mabala chimene anabwera nacho pokonzekera chikondwerero china. Anagwa pansi akulira, nati sadzuka mpaka atam'patsa chimene akupempha. Masiku omwewo anawerenga buku limene Augustino Woyera anaululamo moyo wake, n'kudziona yekha m'menemo. Tsono inu amene mwakwanitsa zaka 40 mukudzimva kuti pemphero linakukanani, dziwani kuti mphunzitsi wamkulu wa pemphero anayamba msinkhu womwewo.

Nanga pemphero lachamumtima limeneli n'chiyani kwenikweni?

Yankho lake ndi lalifupi: ndi ubwenzi, kupeza nthawi kawirikawiri yokhala awiriwiri ndi Iye amene tikudziwa kuti amatikonda. Koma pofotokoza mmene ubwenziwo umakulira anagwiritsa ntchito fanizo limene munthu wa ku Dedza kapena ku Ntcheu safunika womumasulira, fanizo la dimba.

Mtima, iye akuti, uli ngati dimba la nthaka yoipa. Mwini dimba ndi Mulungu, ndiye amazula udzu n'kubzala mbewu zabwino. Ntchito yathu n'kuthirira, ndipo kuthirira kuli njira zinayi.

Njira yoyamba n'kutunga pachitsime ndi chidebe. Amene anathirirapo kabichi kapena tomato ndi keni m'chilimwe akudziwa: msana kuwawa, mapewa kuphwanya, bedi limodzi maulendo khumi. Awa ndi mapemphero a oyamba kumene, pamene umachita kudzikoka, kusonkhanitsa maganizo, kuwerenga ndime ya Uthenga Wabwino n'kuyesa kukhala ndi Yesu m'menemo. Ndipo masiku ena uponya chidebe n'kubwera chopanda kanthu, chitsime chaphwa. Apa ndi pamene ambiri amasiyira. Teresa akuti usasiye. Dimba si lako, wagwira ntchito kwa Mwini, ndipo Iye akhoza kusunga mbewu popanda madziwo. Kuponya chidebeko ndiye pemphero la tsiku limenelo.

Njira yachiwiri kwawo linali gudumu lokhala ndi timitsuko, lomwe ukalizunguza limakweza madzi. Kwathu tinene thiredo pampu. Ukupalasabe, thukuta lilipo, koma madzi akubwera ambiri kuposa mphamvu imene waika. Ili ndi pemphero la bata, pamene mtima umangokhazikika pa Mulungu mwa mphatso, ngakhale maganizo akuyendayendabe.

Njira yachitatu ndi madzi a mumtsinje olowa okha m'munda, monga ngalande za ku sikimu ya Bwanje zimene zimatenga madzi mu Namikokwe. Mlimi amangowongolera. Apa, akuti, Ambuye amakhala ngati asanduka okha wosamala dimba.

Njira yachinayi ndi mvula. Palibe chidebe, palibe pampu, ndipo palibe amene amaiitanitsa. Uku ndi kulumikizana kwathunthu kwa mzimu ndi Mulungu, ndipo akuti sikukhalitsa, theka la ola n'lalitali kale.

Chofunika kuchigwira n'choti njira yoyamba yokha ndiyo ili m'manja mwathu. Zinazo ndi mphatso, sitingazikakamize ndi kusala kudya kapena kufuula. Ndiponso amene analawa mvula amabwereranso ku keni chilimwe chikafika. Sanalembe makwerero oti ukakwera sutsikanso.

Ine ndikangotseka maso, maganizo ali ku feteleza, fizi ya ana, ngongole ya ku banki m'khonde. Ndichite chiyani?

Nayenso zinkam'chitikira, ali wokalamba kale. Polemba buku lake lomaliza la pemphero akudandaula za phokoso m'mutu mwake, ngati mitsinje yosefukira ndi mbalame zambiri zikulira. Malangizo ake ndi a kuchigayo: lekani chigayo chisokose, inu perani ufa wanu. Palibe amene amabwerera ndi chimanga chake chifukwa injini ikusokosa. Anazindikira mochedwa, ndipo akuti anavutika nazo zaka zambiri, kuti maganizo ongouluka aja si mtima. Mtima ukhoza kukhala ndi Mulungu maganizo ali ku msika wa Tsangano.

Ananenanso kuti nkhani si kuganiza kwambiri koma kukonda kwambiri. Kwa asisitere ake ankati sakuwapempha kuti apange maganizo akuya, angomuyang'ana Yesu basi. Akusimba za munthu wina amene sankatha kupemphera mwanjira ina koma ya pakamwa, ankatha maola awiri kapena atatu pa Atate Athu owerengeka, n'kumadandaula kuti sadziwa kupemphera. Teresa atam'funsitsa anapeza kuti munthuyo anali patali kuposa ambiri. Ndikaona amayi achikulire a kwathu akusowa tulo ndi kolona m'manja, ndimakumbukira nkhani imeneyi.

Za masomphenya, mngelo wobaya mtima, ndi kunyamuka m'mwamba, tizikhulupirire?

Mpingo sukakamiza Mkhristu aliyense kukhulupirira masomphenya a munthu, ngakhale woyera. Chimene tili nacho ndi umboni wake wolemba. Akuti anaona mngelo wamng'ono kumanzere kwake atagwira mkondo wagolide wa moto kunsonga, n'kum'baya nawo mumtima, ululu ndi kukoma zili pamodzi. Zimenezi ndizo Bernini, katswiri wosema wa ku Italy, anasema pamwala, chifanizo chimene chili m'tchalitchi cha Santa Maria della Vittoria ku Rome. Akutinso nthawi zina thupi linkanyamuka lokha.

Chimene ine chimandikhutiritsa ndi mmene ankazichitira manyazi. Tsiku lina, ulaliki uli mkati ndipo pali amayi olemekezeka, atamva kuti zikubwera anadzigoneka pansi, asisitere n'kum'gwira. Anapempha Mulungu kuti zooneka ndi maso a anthu azichotse. Wofuna kutchuka sachita choncho.

Zinam'bweretseranso mavuto. Alangizi ake oyamba, Gaspar Daza ndi Francisco de Salcedo, anagamula kuti ndi za satana. Wansembe wina anam'lamula kuti akaona masomphenya azionetsa chizindikiro chachipongwe cha zala, ndipo anamvera mtima ukuwawa. Amene anam'limbitsa mtima anali Francisco de Borja wa chipani cha Ajezwiti, kenako Pedro de Alcántara mu 1560.

Masiku ano aneneri ali ponseponse, anthu akugwa pa mapemphero, wina aliyense "Mulungu wandiuza". Teresa akanati chiyani?

Sindingamuikire mawu m'kamwa pa za mipingo ya lero, koma zimene ankachita m'nyumba zake zinalembedwa, ndipo n'zoseketsa ndithu. Akusimba za munthu amene ankakhala maola 8 ali ngati wakomoka, anthu n'kumati wagwidwa ndi Mzimu. Mankhwala ake anali kudya, kugona, ndi kuchepetsa kudzizunza, ndipo anachira. Teresa anati zoterezi si kukwatulidwa ayi, n'kupusa chabe kobwera ndi kufooka kwa thupi.

Ina ndi ya asisitere awiri amene ankati akapanda kulandira Ukaristia tsiku lililonse afa. Teresa atafika anayesa kuwalangiza, osamva. Ndiye anawauza kuti nayenso ali ndi njala yomweyo, koma asiya kulandira, afere limodzi onse atatu. Tsiku loyamba anavutika zedi, lachiwiri pang'ono, ndipo palibe anafa.

Poyesa mawu amene munthu akuti wamva, ankafunsa ngati akugwirizana ndi Malembo Oyera, ngati akusiya mtendere ndi kudzichepetsa kapena chipwirikiti ndi kudzimva, ndiponso ngati akuchita zimene akunena, monga mawu oti usaope n'kuchotsadi mantha nthawi yomweyo. Ankaumirira kuti munthu asachite kanthu kakakulu chifukwa cha mawu otere asanafunse mlangizi wophunzira. Ananena poyera kuti alangizi ophunzira mwatheka anam'pweteka kwambiri. Safunsa anadya phula.

Koma muyeso wake waukulu uli m'buku lake la Las Moradas, lofanizira mzimu ndi nyumba ya zipinda 7. Akuti sitingatsimikize ngati timakonda Mulungu, koma ngati timakonda mnzathu, zimenezo zimaoneka. Ukaona mnzako akudwala ndipo ungathe kum'thandiza, usaope kutaya kukoma kwa pemphero lako, pita ukam'thandize. Ndiye munthu akagwa pansi Lamulungu, funso si loti anagwa bwanji, koma mmene akulankhulira ndi apongozi ake Lolemba.

N'chifukwa chiyani anachoka ku La Encarnación n'kuyambitsa zake?

Ankafuna nyumba yaing'ono mmene onse adziwane, akhale ofanana, ndipo akhale ndi nthawi yeniyeni ya pemphero. Pa 24 Ogasiti 1562 anatsegula nyumba ya San José mu Ávila momwemo, ndi atsikana anayi. Nyumbayo inagulidwa mwakachetechete m'dzina la mchemwali wake Juana ndi mwamuna wake, ndipo ndalama zina zinachokera kwa mchimwene wake Lorenzo amene anali ku South America. Mzinda unawira. Akuluakulu a mzindawo anakasuma, poopa kuti nyumba yopanda chuma chokhazikika idzakhala mtolo wawo.

Malamulo ake anali otere: asisitere asapitirire 13, ngakhale pambuyo pake analola 21, maola awiri a pemphero lachete tsiku lililonse, komanso nthawi yocheza ndi kuseka pamodzi, ntchito zamanja, nyama ayi pokhapokha munthu akudwala. Maina aulemu a mabanja anathetsedwa, iyenso anangokhala Teresa de Jesús. Pa ndandanda wa kusesa, dzina loyamba linkakhala la mkulu wa nyumba. Amatchedwa Akarmelo osavala nsapato, koma kunena zoona ankavala nkhwayira za chingwe.

Mkazi wa nthawi imeneyo ankaloledwa kuyenda dziko lonse akutsegula nyumba?

Mu 1567 mkulu wa chipani chonse, Giovanni Battista Rossi, anam'patsa chilolezo, ndipo pofika 1582 nyumba za asisitere zinali 17. Ankayenda pa ngolo zofoleredwa zokokedwa ndi nyulu, osati zosiyana kwenikweni ndi ngolo za abulu zimene zimatuta mbatata kuno, koma maulendo a masiku ambiri, iye ali wodwaladwala. Ku Medina del Campo anafika pakati pa usiku, ng'ombe zamasewera zikulowetsedwa mumzinda, n'kupeza nyumba imene anawakonzera makoma ake ndi ogumuka. Popita ku Seville mu 1575 bwato lowaolotsa pa mtsinje wa Guadalquivir linatengedwa ndi madzi. Ku Burgos mu 1582 anadutsa m'madzi osefukira, kenako episkopi wamkulu anam'dikiritsa chilolezo pafupifupi miyezi itatu.

Adani sanasowe. Mu 1575 akuluakulu a chipani anam'lamula kuti asankhe nyumba imodzi akhale phee. Kazembe wa Papa, Felipe Sega, anam'tchula mkazi wosakhazikika, woyendayenda ndi wosamvera. Mkazi wina wolemekezeka, wa ku Éboli, atayambana naye anakapereka buku la moyo wake ku Inquisition, ndipo linakhala kumeneko mpaka iye kumwalira, ngakhale wansembe wophunzira Domingo Báñez amene analiunika sanapezemo cholakwa pa chiphunzitso. Mkangano unazizira mu 1580 pamene Papa Gregory XIII analola kuti osavala nsapatowo akhale ndi chigawo chawochawo.

Yohane wa Mtanda akubwera pati?

Anakumana ku Medina del Campo mu 1567, Teresa ali ndi zaka 52, Yohaneyo (Juan de la Cruz) ali ndi 25, atangodzozedwa unsembe ndipo akufuna kuchoka m'chipanicho. Teresa anam'nyengerera kuti adikire, ndipo mu Novembala 1568 nyumba yoyamba ya amuna inatsegulidwa ku Duruelo. Mu Disembala 1577 anzake a chipani chomwecho otsutsa kusinthaku anam'gwira n'kum'tsekera ku Toledo pafupifupi miyezi 9, ndipo Teresa analembera Mfumu Philip II kalata yodandaula. Abambo a Karmelo amene ali m'Malawi muno, monga ku Kapiri ku Mchinji, ndi mbewu ya anthu awiriwa.

Analemba mabuku ati, ndipo ndiyambe ndi liti?

Akuluakulu ndi anayi, onse m'Chisipanishi cha pakhomo, poti Chilatini sankachidziwa bwino. Libro de la Vida ndi mbiri ya moyo wake, yolembedwa polamulidwa ndi omulapitsa kuti aunike mzimu wake, ndipo fanizo la dimba lili m'menemo kuyambira mutu 11. Camino de Perfección analembera asisitere a ku San José, ndipo mbali yake yomaliza ikufotokoza pemphero la Atate Athu. Las Fundaciones, limene analiyamba mu 1573, ndi nkhani za maulendo aja, ndipo ndi mmene muli mawu otchuka oti Ambuye amayenda ngakhale pakati pa miphika. Las Moradas analilemba mu 1577, kuyambira 2 Juni mpaka 29 Novembala, nkhondo ya m'chipani ili pachimake. Palinso makalata opitirira 400, odzaza ndi nkhani za ngongole, mankhwala ndi zakudya.

Ine ndimati yambani ndi Camino, poti analembera anthu oyamba kumene. Chenjezo: amalemba monga amayankhulira. Amasiya nkhani pakati, n'kupita kwina, n'kubwerera akupepesa kuti waiwala pamene anali ndipo alibe nthawi yowerenganso. Vida, Camino ndi Las Moradas anasindikizidwa pamodzi koyamba mu 1588 ku Salamanca, atakonzedwa ndi Luis de León.

Nyumba ya zipinda 7 ija ikutanthauza chiyani?

Akuti mzimu wa munthu uli ngati nyumba yachifumu yopangidwa ndi mwala umodzi woonekera mkati, ya malo okhalamo 7, Mfumu ili pakatikati. Ambirife timakhala kubwalo, osadziwa n'komwe kuti m'nyumba mwathu muli Mwini. Khomo lake ndi pemphero.

Malo achitatu ndi amene amandilasa. M'menemo muli Akhristu olongosoka: sajomba Misa, amapereka masika, sakonda mikangano, zonse zili m'malo mwake. Koma kavuto kakang'ono kakawagwera, katundu kutayika kapena wina kuwanyoza, amasokonezeka ngati Mulungu wawabera malipiro. Akuti chikondi chawo sichinafike powachotsa pa kuwerengera. Pa malo achisanu akupereka fanizo la mbozi imene imadzikulunga n'kufa, n'kutuluka gulugufe woyera. Pa achisanu ndi chiwiri, kulumikizana kuli ngati mvula yogwera mumtsinje, madzi osatha kuwalekanitsanso. Ndipo pamenepo, pamene munthu ukuyembekeza zodabwitsa, akuti kukwatulidwa kuja kumachepa, ndipo cholinga cha zonsezi n'choti pabadwe ntchito. Marita ndi Maria ayenera kulandira Mlendo limodzi, poti Maria akangokhala pa mapazi, Mlendoyo adya chiyani?

Ine ndili pabanja, ndiponso ndine wa CCAP. Zikundikhudza?

Mchimwene wake Lorenzo anali bambo wa ana, wa minda, ndipo atayamba kudandaula kuti kusamala chuma kukumudyera nthawi ya pemphero, Teresa anam'lembera kuti nthawi yosamalira za ana ake siichotsa pemphero. Anam'lamulanso kuti azigona maola osachepera 6. Kunja kwa Katolika amamuwerenganso: a Anglican amam'kumbukira pa 15 Okutobala, ndipo Edith Stein, Myuda wophunzira kwambiri amene anali atasiya kupemphera, anawerenga mbiri yake mu 1921 n'kubatizidwa chaka chotsatira. Zina, monga za Yosefe Woyera, mwina simugwirizana nazo. Za chitsime chouma zija n'za aliyense.

Mawu amene amayenda pa WhatsApp ndi dzina lake ndi akedi?

Ena. Ndakatulo yaifupi yoti chilichonse chisakusautse, zonse zimapita, Mulungu yekha akwana, inapezeka m'buku lake la mapemphero. Koma yotchuka ija yoti Khristu alibe manja ena koma anu simupezeka m'zolemba zake. Chimodzimodzi nkhani yoti atagwa m'matope anauza Ambuye kuti n'chifukwa chake ali ndi abwenzi ochepa. Ikumveka ngati iye, koma ndi nthano ya pakamwa.

Anamwalira pa 4 Okutobala, nanga bwanji timakumbukira pa 15?

Akuchokera ku Burgos, ali wofooka ndipo akutaya magazi, ankafuna kubwerera ku Ávila, koma mkulu wake anam'lamula kupatukira ku Alba de Tormes chifukwa banja lolemekezeka la kumeneko linkafuna akhalepo pa kubadwa kwa mwana. Mwanayo anabadwa iye asanafike. Anamwalira usiku wa pa 4 Okutobala 1582, ali ndi zaka 67, m'manja mwa sisitere mnzake Ana de San Bartolomé, akubwereza mawu a Salimo 51 ndi kuthokoza kuti akufa ali mwana wa Mpingo. Usiku womwewo ndi umene kalendala yatsopano ya Papa Gregory XIII inayamba ku Spain, ndipo masiku 10 anadumphidwa. Kutacha linali 15 Okutobala, tsiku limene anaikidwa m'manda.

Anatchedwa woyera pa 12 Malichi 1622, limodzi ndi Ignatius wa ku Loyola, Francis Xavier, Philip Neri ndi Isidore mlimi. Pa 27 Sepitembala 1970 Papa Paul VI anam'tcha Mphunzitsi wa Mpingo, mkazi woyamba kulandira ulemu umenewu.

Thupi lake lili kuti?

Ku Alba de Tormes, koma osati lonse, ndipo nkhani imeneyi agogo a pa mphakati wathu sanaikonde m'pang'ono pomwe. Patatha miyezi 9 manda anafukulidwa, thupi linapezeka losawola, ndipo Jerónimo Gracián, wansembe amene Teresa ankam'dalira kwambiri, anadula dzanja. Mu 1585 thupi linatengedwa mobisa kupita ku Ávila, koma chaka chotsatira Papa analamula kuti libwezedwe. Mtima ndi mkono zimasungidwa padera m'tchalitchi cha ku Alba, ndipo ziwalo zina zili m'mizinda ina. Kwa ife amene sitilowa kumanda popanda chilolezo cha amfumu, izi n'zovuta kumeza, koma umo ndi mmene anthu a nthawi imeneyo ankalemekezera oyera. Bokosi lake linatsegulidwanso mu Ogasiti 2024 kuti akatswiri aunike mafupa, koyamba chichokere 1914.